Ayezi wa pa Kilimanjaro

Aphunzitsi anzanga ndi ophunzira anga akale, lero ndikukumbutseniko mbiri ya phiri la Kilimanjaro ku Tanzania. Mmishonale Johannes Rebmann atanena kuti anaona chipale chofewa pamwamba pake mu 1848, akatswiri ena ku London anamutsutsa. Ati kungazizire bwanji pafupi ndi Ikweta? Chonsecho Achaga okhala m'munsi mwake ankachiona chikhalire.

Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller anafika pansonga, mamita 5,895, mu 1889. Mu 1973 phirili linakhala malo otetezedwa, ndipo m'nkhalango zake muli njovu ndi apusi.

Koma chiyambire 1912, ayezi woposa magawo 80 pa 100 alionse wasungunuka. Mantha anga ndi akuti adzukulu athu, pokwera njira ya Marangu, nawonso adzakayikira Rebmann.