Mikwingwirima ya pa 42nd Street

Filimu yoopsa yoyamba imene ndinaonera inali pa tepi ya VHS, m'kanyumba ka vidiyo momwe tinkalipira pakhomo n'kupanikizana pa benchi. Tepiyo inali yotheratu. Chithunzi chinkanjenjemera, mizere yoyera ikungodutsa, mawu akumveka ngati a munthu wachimfine. Ife tinkadandaula. Sindinkadziwa kuti kuwonongeka koteroko anthu ena adzakupanga dala, n'kulipira ndalama zambiri.

Kwawo kwenikweni kwa mafilimu oopsa okandika chotere ndi ku New York, pa msewu wa 42nd Street, pakati pa Seventh Avenue ndi Eighth Avenue. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pamenepa panali nyumba zolemekezeka za zisudzo monga New Amsterdam, Lyric, Liberty ndi Selwyn. Chuma chitagwa m'ma 1930, nyumbazi zinasanduka zoonetsera kanema, ndipo pofika m'ma 1970 zinali zitatchuka ndi dzina loti grindhouse. Tikiti imodzi inkakuonetsa mafilimu awiri kapena atatu, makina osapuma mpaka usiku ndithu. Ena ankalowamo kukangogona.

Zoonetsedwazo zinali za anthu osauka ndalama koma olemera nzeru zokopera makasitomala. Mu 1963 Herschell Gordon Lewis anajambula Blood Feast ku Miami m'masiku owerengeka, ndi ndalama zosakwana madola 25,000. Anaona kuti makampani akuluakulu sakanayerekeza kuonetsa magazi poyera, iye n'kuthira magazi abodza mosaumira. Mu 1974 panabwera The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, yojambulidwa pa filimu yotchipa ya 16mm m'kati mwa kutentha kwa ku Texas. Chodabwitsa n'chakuti magazi ndi ochepa m'menemo. Chimene chimakusowetsa mtendere ndi phokoso la macheka ndi thukuta la anthu otopa zenizeni. Koma amene ndimamukonda ine ndi Frank Henenlotter, yemwe ali mnyamata sankachoka m'nyumba za pa 42nd Street. Filimu yake ya mu 1982, Basket Case, imanena za mnyamata woyenda ndi dengu, mudengumo muli mbale wake wamapasa wooneka mochititsa mantha. Inajambulidwa m'misewu yomweyo ndi madola pafupifupi 35,000, ndipo lero ndi umboni wa momwe dera la Times Square linkaonekera lisanatsukidwe.

Nanga mikwingwirima ija? Makope a filimu ankakhala ochepa, choncho kope limodzi linkazungulira mizinda yambiri, kudutsa m'makina akale mpaka kukandika ndi kuduka. Palibe ankafuna zimenezo. Unali umphawi basi.

Tepi ya VHS, yomwe ija inatisangalatsa ife, ndiyo inathandiza kupha malowa, poti anthu anayamba kuonerera kunyumba. Kenaka boma linalanda nyumbazo kuti likonze derali. New Amsterdam inakonzedwa ndi kampani ya Disney, ndipo mu 1997 sewero la The Lion King linayamba kuonetsedwa m'menemo.

Patangopita zaka khumi, Quentin Tarantino ndi Robert Rodriguez anatulutsa Grindhouse, mafilimu awiri pa tikiti imodzi, okhala ndi mikwingwirima yopanga dala komanso chigawo chonamizira kuti chasowa. Anawononga madola oposa 50 miliyoni pofuna kuoneka amphawi, ndipo anthu sanapite ambiri kukaonera. Ndinaseka nditaionera, koma inandikumbutsa bwana wovala sanza pa sewero la kutchalitchi.

Kwa ine mdzukulu weniweni wa Lewis ndi Damien Leone. Terrifier yake ya mu 2016 inadya ndalama zofanana ndi za Basket Case, ndipo mabala a m'filimumo anawaumba ndi manja ake. Terrifier 2, ya madola pafupifupi 250,000, inabweretsa oposa 15 miliyoni mu 2022, itathandizidwa ndi mphekesera zoti anthu akusanza ndi kukomoka m'nyumba za kanema. Nzeruyi ndi yakale: amene ankatsatsa Blood Feast ankagawira anthu timatumba tosanziramo.

Mbali ina ya Terrifier 2, yochitikira kuchipinda chogona, sindinaimalize. Ndinaimitsa filimu, n'kutuluka panja kukapitidwa mphepo.