CHIYAMBI CHA NDAGI, MIYAMBI NDI NTHABWALA ZA SUKULU

Mawu otsogolera

Wophunzira, pokonzekera mayeso a MSCE mwakhala mukuloweza miyambi, ndagi ndi zining'a pamodzi ndi matanthauzo ake. Kuloweza nkwabwino, koma mukafunsidwa kuti mufotokoze mmene nsinjiro za chiyankhulo zimasinthira ndi nthawi, kuloweza kokha sikungakuthandizeni. M'mutu uno tiona kumene nsinjiro zokamba za sukulu zinachokera. Zitsanzo zambiri ndazitenga kuno ku Mulanje kumene ndimaphunzitsa.

Poyamba gwirani mfundo iyi: nsinjiro siingakhale yakale kuposa chinthu chimene ikutchula. Ndagi imene yankho lake ndi dzira ingathe kukhala ya makolo akalekale, koma imene yankho lake ndi choko inapekedwa sukulu zitabwera. Mawu monga sukulu, buku, sileti, pensulo ndi bolodi tinabwereka ku Chingerezi, pamene mawu akuti kalata anachokera ku Chipwitikizi. Mukawapeza mu nsinjiro, dziwani kuti akukuuzani msinkhu wake.

Maphunziro sukulu isanabwere

Makolo athu anali ndi maphunziro awo. Mwana ankaphunzira kumunda, kudambwe, kutsimba ndi pabwalo, ndipo madzulo ankaphunzira pamoto. Apa mpamene ndagi zinkaponyedwa. Woponya ankati, "Ndagi!" anzake nkuvomera kuti, "Gize!" Kwina amati, "Chilape!" ena nkuyankha kuti, "Nachize!" Ndagi monga yakuti "Nyumba yanga yopanda khomo" inkaphunzitsa mwana kuyang'anitsitsa zinthu zomuzungulira ndi kuganiza msanga.

Miyambi yambiri imene aphunzitsi amakonda masiku ano ndi ya nthawi imeneyo. "M'mera mpoyamba" ndi mawu a mlimi. "Safunsa anadya phula" ndi mawu a anthu ofula njuchi. "Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi" unkadzudzula munthu wokana uphungu. Palibe mwambi uliwonse mwa itatuyi umene ukutchula kalasi kapena mayeso. Sukulu inaipeza ilipo kale, nkuitenga kuti izilangizira ana ake. Choncho musalembe kuti miyambi yonse yokhudza kuphunzira inayamba ndi amishoni.

Nthawi ya amishoni ndi minda ya tiyi

Sukulu ya m'kalasi inafika m'dziko muno ndi amishoni a Livingstonia, amene anakhazikika ku Cape Maclear mu 1875. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo pofika cha m'ma 1890 amishoni ake anali atafika ku Mulanje. Mu 1900 John Chilembwe anatsegula mishoni ndi sukulu yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Boma la atsamunda linachedwa: nthambi yake yoona za maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940. Kwa zaka makumi asanu, tsono, sukulu inali m'manja mwa mipingo, ndipo buku lalikulu lowerenga linali Baibulo.

Ku Mulanje sukulu inakula pamodzi ndi tiyi. Henry Brown anadzala tiyi kuno mu 1891, ndipo m'zaka zotsatira Alhomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique nkudzagwira ntchito m'minda ya azungu, ambiri mwa iwo pansi pa thangata. Pa esiteti panali kusiyana koonekeratu pakati pa wothyola masamba ndi kalaliki wolemba maina m'buku. Wodziwa kulemba ndiye ankalemba matikiti, kuwerengera anzake makalata ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale, ndi kutanthauzira mawu a mzungu. Mawu olangiza ana anabadwa pamenepa. Ine ndili mwana, mayi anga ankandiuza kuti, "Cholembera ndilo khasu lako," ndipo ndikajomba ankati, "Ukasewera ndi sukulu udzakalambira m'tiyi." Onani kuti mawu oyambawo atenga khasu, chida chakale, nkuyerekeza nacho chinthu chatsopano. Umu ndimo nsinjiro zatsopano zimapangidwira nthawi zambiri.

Ndagi nazo zinatsata njira yomweyo. Pali ndagi yakale yakuti, "Ndalima munda waukulu koma zokolola zangodzaza m'manja," yankho lake ndi tsitsi lometedwa. Ophunzira anga a Fomu 3 nditawatuma kukafunsa agogo awo, anabwera ndi ina yofanana nayo: "Munda wanga ngwoyera, mbewu nzakuda, ndimafesa ndi dzanja nkukolola ndi maso." Yankho ndi kalata kapena buku. Maganizo oyerekeza kulemba ndi kulima sali kwathu kokha. Ku Verona m'dziko la Italy kuli ndagi yolembedwa pamanja cha m'ma 800, imene inatulukiridwa mu 1924. Imakamba za ng'ombe zolima munda woyera ndi kufesa mbewu zakuda, kutanthauza zala, pepala ndi inki. Izi sizikusonyeza kuti agogo athu anakopera ku Italy. Anthu olima, kulikonse kumene ali, akaona kulemba koyamba amakufotokoza ndi mawu a kumunda.

Nthawi yomweyi nsinjiro zakale zinayamba kulembedwa. David Clement Scott wa ku Blantyre anasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. R. S. Rattray anatulutsa buku la nthano, ndagi ndi miyambi ya Chinyanja mu 1907. Pambuyo pake Stevenson Kumakanga analemba Nzeru za Kale, ndipo mu 2000 J. C. Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2,000 m'buku limodzi. Kulemba kunasunga nsinjiro kuti zisatayike, komanso kunazisamutsa. Zimene zinali masewera a usiku zinasanduka phunziro la masana lokhala ndi malikisi.

Nthabwala za m'kalasi

Nthabwala nzakale ngati miyambi. Pa chikhalidwe chathu asuweni amanyogodolana, agogo amaseka ndi adzukulu awo, ndipo ngakhale pamaliro adzukulu amachita nthabwala kuti apepuze mitima. Sukulu inangobweretsa anthu atsopano oti asekedwe: mphunzitsi, woyendera sukulu ndi mwana wosamva Chingerezi.

Mwina munamvapo iyi. Woyendera sukulu anafunsa mwana kuti, "Anagwetsa linga la Yeriko ndani?" Mwana uja, akunjenjemera, anati, "Si ine, bwana." Woyendera anacheukira mphunzitsi, ndipo mphunzitsi anati, "Mwanayu ndimamudziwa, sanama." Nkhani itafika kwa mphunzitsi wamkulu, iye anati, "Tisakangane, komiti ya sukulu iwumba njerwa timangenso." Nthabwala imeneyi imakambidwanso ku Britain ndi m'maiko ena. Kuno inamera mizu chifukwa inapeza sukulu za mishoni, oyendera oopedwa ndi makolo owumba njerwa. Onaninso kuti munthu akakwera udindo mu nthabwalayi, umbuli wake ukukulirakulira. Ntchito imodzi ya nthabwala ndi yomweyo: kupatsa wamng'ono mpata wodzudzula wamkulu popanda kumutchula dzina.

Pali nthabwala zina zimene zimapweteka. Kwa zaka zambiri ana olankhula Chilhomwe ankasekedwa chifukwa cha katchulidwe kawo, ndipo m'sukulu zambiri wolankhula chiyankhulo cha makolo ankalandira chibalo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo ziyankhulo zina zinalibe malo m'kalasi. Kuseka kotere kunathandizira kuti mabanja ambiri asiye kulankhula Chilhomwe ndi ana awo. Gulu la Mulhako wa Alhomwe, limene likulu lake lili pa Chonde m'boma lomwe lino, linayamba zikondwerero zake mu 2008 pofuna kubwezeretsa chikhalidwe chimene chinkazilala. Mukamasanthula nthabwala, dzifunseni kuti akuseka ndani, ndipo akusekedwa ndani.

Kuchokera pa ufulu mpaka lero

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mawu atsopano anachuluka. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, anthu anaitcha sukulu ya ukachenjede. Maphunziro a akuluakulu anatchedwa sukulu za kwacha, poyerekeza umbuli ndi mdima. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anadzaza, ena nkumaphunzirira pansi pa mitengo, koma malo a ku sekondale anakhalabe ochepa. Mpikisano wa mayeso unakula, ndipo zining'a za mayeso zinafala. Wowerenga usiku wonse amati "waviika mapazi m'madzi," chifukwa ophunzira ena amaterodi pothamangitsa tulo. Zolemba zobera mayeso zimatchedwa likasa. Mawu amenewa mungathe kuwasanthula m'kalasi, koma chinthucho musalowe nacho m'chipinda cha mayeso, chifukwa bungwe la MANEB limalanda zotsatira za wogwidwa.

Zoyenera kukumbukira

Nsinjiro za sukulu zili m'magulu atatu: zakale zimene sukulu inatengera kwa makolo, zatsopano zoumbidwa m'chikombole chakale, ndi zobwera kuchokera kunja zimene tinaziveka chikhalidwe chathu. Poyankha funso, tchulani gulu, perekani chitsanzo, kenaka sonyezani mawu amene akuulula nthawi yake.

Ntchito

1. Tchulani miyambi iwiri yokhudza kuphunzira imene inalipo sukulu isanabwere, ndipo perekani chifukwa cha yankho lanu.
2. Fotokozani mmene minda ya tiyi inathandizira kubadwa kwa mawu olangiza ana za sukulu ku Mulanje.
3. Kodi nthabwala ya linga la Yeriko ikudzudzula yani?
4. Pekani ndagi yanuyanu imene yankho lake ndi choko.
5. Funsani munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu ndagi zitatu, ndipo muziike m'magulu atatu aja.