Kuchokera ku Nebyliv kukafika ku Alberta: mbiri ya anthu a ku Ukraine m'dziko la Canada

Mu Sepitembala 1891, alimi awiri a m'mudzi wa Nebyliv, Ivan Pylypiw ndi Wasyl Eleniak, adatsika sitima ya pamadzi ku Canada. Masiku amenewo kudalibe dziko loima palokha lotchedwa Ukraine. Kwawo ku Galicia kunkalamulidwa ndi ufumu wa Austria-Hungary, minda ikuluikulu ndi nkhalango zidali m'manja mwa anthu achuma, ndipo mlimi wamba akagawira ana kamunda kake, aliyense ankatsala ndi kachigamba kosadyetsa banja. Awiriwa adamva zoti Canada ikupereka maekala 160 kwa munthu wolipira madola 10, bola akhalepo ndi kulimapo zaka zitatu. Pylypiw atabwerera kukauza anzake, boma lidamumanga kaye pomuganizira kuti akusokoneza anthu. Komabe mu 1892 mabanja oyamba adanyamuka, ndipo mudzi wa Edna-Star, chakumpoto chakummawa kwa Edmonton, udabadwa. Pofika 1914 anthu pafupifupi 170,000 ochokera ku Galicia ndi Bukovina adali atawoloka nyanja. Tisaiwale kuti malo ankatchedwa opanda mwiniwo adali a Cree ndi mitundu ina, yomwe boma lidaikankhira pambali kudzera m'mapangano monga a mu 1876.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi malo amene ankasankha. Ambiri ankalambalala chigwa chosalala, chosavuta kulima, n'kukatenga tchire la mitengo yothinana. Munthu amene wakula akupempha nkhuni kwa bwana sangaone nkhalango n'kuipitirira. Adavutika nayo pozula zitsa kwa zaka zambiri. Banja linkayamba ndi kukumba dzenje, kuimika milimo pamwamba n'kufolera ndi dothi ndi udzu, m'dera limene chisanu chimaumitsa mitsinje. Abambo akapita kukagwira ganyu yoyala njanji, amayi ndi ana ndiwo ankatsala akuswa mphanje. Kenaka pankamangidwa nyumba ya mitengo, yomata ndi dothi losakaniza ndi udzu, yopaka laimu, yosasiyana kwenikweni ndi nyumba yozira bwino ya kumudzi kwathu kuno. Chakummawa kwa chipinda ankapachika zithunzi za oyera mtima, atazikuta ndi nsalu zopeta.

Anansi awo olankhula Chingelezi ankawanyoza chifukwa cha majasi a chikopa cha nkhosa ndi fungo la adyo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itaulika mu 1914, chitonzocho chidasanduka lamulo. Popeza mapepala awo adali a Austria, adawatcha adani. Anthu 8,579 adatsekeredwa m'makampu 24 mpaka 1920, ndipo pafupifupi 5,000 mwa iwo adali a mtundu umenewu. Ena adagwiritsidwa thangata yolambula misewu m'mapiri a ku Banff, kumene alendo amakajambulitsa zithunzi lero. Mu 1916 boma la Manitoba lidathetsa sukulu zophunzitsa m'zinenero ziwiri. Ambiri mwa otsekeredwawo adamwalira osaiulula nkhaniyi ngakhale kwa zidzukulu, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Canada idadzaivomereza mochedwa zedi, mu 2005.

Pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu kudabwera enanso. Koma gulu lomwe lidasintha zinthu ndi la othawa kwawo oposa 30,000 amene adafika nkhondo yachiwiri itatha. Mudali aphunzitsi, ansembe ndi olemba mabuku, ndipo ankakhala m'mizinda monga Toronto. Iwowa ankadziwa kuti kwawo, pansi pa Soviet Union, mpingo wa Greek Catholic udaletsedwa ndipo njala ya 1932 mpaka 1933, imene idapha anthu mamiliyoni, sinkatchulidwa n'komwe. Adadzitenga ngati osunga chuma cha mtundu kufikira eni ake atamasuka. Sadagwirizane nthawi zonse ndi akale aja, omwe ena mwa iwo ankakonda chikomyunizimu, koma ntchito idaoneka: mu 1976 padatsegulidwa Canadian Institute of Ukrainian Studies pa yunivesite ya Alberta, ndipo mu 1983 mzinda wa Edmonton udaimika chipilala chokumbukira njala ija.

Mu 1964, seneta Paul Yuzyk, mwana wa obwera, adatsutsa poyera maganizo oti Canada ndi ya Angelezi ndi Afalansa okha. Mu 1971 nduna yaikulu Pierre Trudeau idalengeza mfundo yolemekeza zikhalidwe zonse, mfundo imene Mwafirika aliyense wokhala ku Canada lero amapindula nayo. Zidzukulu za ovala zikopa aja zidafika patali: Ray Hnatyshyn adakhala woimira mfumukazi m'dzikolo kuyambira 1990, ndipo mu Disembala 1991 Canada idakhala dziko loyamba la kumadzulo kuvomereza ufulu wa Ukraine.

Koma sizonse zidapulumuka. Kalembera wa 2016 adapeza anthu oposa 1.3 miliyoni onena kuti makolo awo adachokera ku Ukraine, komatu olankhula chinenerocho ndi ochepa kwambiri. Chatsala ndi gule, monga wa gulu la Shumka, matchalitchi a madenga obulungira apakati pa minda ya tirigu, zakudya 12 zopanda nyama za usiku wa Khirisimasi, ndi mazira olembedwa ndi phula. Ku Vegreville adaimika dzira lachitsulo lalikulu ngati nyumba mu 1975. Zonsezi n'zokongola, koma ine ndimamva chisoni kuti mdzukulu amavina bwino pomwe sangawerenge kalata ya agogo ake.

Russia itathira nkhondo Ukraine mu 2022, anthu pafupifupi 300,000 adalowa m'Canada pa chilolezo chapadera. Ena adalandiridwa m'maholo a matchalitchi omwe adamangidwa ndi alimi aja. Kumeneko adapeza nkhalamba zolankhula Chiyukireniya chakale cha m'midzi ya ku Galicia, ndipo ana a obwera kumenewa adayamba kudzaza makalasi a Loweruka amene adali atayamba kuchepa ophunzira.