Ulendo wa Mau Atatu

Akulu akale a m'cigwa ca Golomoti ndi Mtakataka anali kudziwa kuti nyimbo yoyamba pa mtondo umodzi siicedwa kufika ku midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Momwemonso mau oseketsa ali ndi miyendo, ndipo mbiri ya wailesi ya ku America ionetsa bwino mayendedwe ao.

M'caka ca 1941 munthu wanthabwala, dzina lace Red Skelton, anayamba masewero ace pa wailesi. Mwa anthu amene iye anali kuwayerekeza munali Junior, kamwana kopulupudza. Kamwanako kakafuna kucita coipa kanali kuyamba kalingalira za mkwapulo umene ulinkudza, koma potsiriza kanali kucita ndithu ndi kupfuula kuti "I dood it", ndiko kunena kuti "Ndacita", m'Cingerezi copotoka ca mwana wophunzira kumene kulankhula.

Mauwa anaturuka msanga m'wailesi. Pa 18 April 1942 James Doolittle anatsogolera ndege 16 kukaponya mabomba ku Japan, ndipo nyuzipepala ina ya ku Los Angeles inalemba pamwamba pa nkhaniyo kuti "Doolittle Dood It". M'caka comweco a Warner Bros. anaika mauwo m'kamwa mwa kalulu wao wocenjera, Bugs Bunny, m'kanema wojambula pamanja wochedwa Case of the Missing Hare. M'menemo kaluluyo ayamba wadziwerengera cilango, natapika nkhope ya wamatsenga ndi cakudya. M'caka ca 1943 a MGM anaturutsa kanema wathunthu wochedwa I Dood It, m'mene anasewera Skelton mwini ndi Eleanor Powell.

Zifukwa za kufala kotere ziripo zitatu. Coyamba, mauwo anali afupi. Caciwiri, colakwa ca m'menemo ndico cinali kukometsa, pakuti akadakhala olongosoka sakadaseketsa munthu. Cacitatu, ojambula anali kudziwa kuti anthu odza ku kanema ndi omwewo amene amvera wailesi madzulo, kotero kuti mau atatu anali okwanira kudzutsa phwete popanda kumasulira. Koma kanema akhalitsa kuposa liu la pa wailesi. Cifukwa cace ana a mibadwo yotsatira anamva mauwo kwa kalulu osadziwa mwini wace.

Ku Malawi zotere si zacilendo. Maina a Izeki ndi Jakobo anamveka koposa maina enieni a John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene anali kusewera anthuwo.

Tsono mphunzitsi akamva ana ali kubwereza mau a pa wailesi m'bwalo la sukulu, asathamangire kuwadzudzula. Awaphunzitse kalankhulidwe kolongosoka m'kalasi, inde, koma mauwo awalembe m'buku pamodzi ndi caka ndi dzina la amene anawayamba. Pakuti mau akasowa wowalemba, mwini wace aiwalika, ndipo cigawo ca mbiri ya cinenero citayika naye.