Kodi 1 Ndi Número Primo? Mbiri ya Funso Lovuta M'kalasi

Mphunzitsi akauza ana kuti número primo ndi nambala yogawika ndi 1 komanso ndi iyo yokha, sipalephera mwana wofunsa kuti: "Nanga 1?" Buku limati 1 salowa m'gululi, koma kawirikawiri silifotokoza cifukwa. Mwanayo sanalakwe kufunsa. Akatswiri a masamu nawonso anasinthasintha maganizo pa nkhaniyi kwa zaka zoposa 2,000.

Ca m'ma 300 Khristu asanabadwe, Euclid wa ku Alexandria analemba mabuku 13 ochedwa Elementos. M'buku la 7 anafotokoza kuti nambala ndi gulu la zinthu zimodzizimodzi zoikidwa pamodzi. Conco kwa iye 1 sanali nambala n'komwe, koma muyeso woyezera nambala zonse. Nambala monga 5 ndi 7, zimene zimayezeka ndi 1 yekha, anazicha "zoyamba". M'Cilatini mawuwa anakhala primus, ndipo Cipwitikizi cinatengera pamenepo. Tiziwauza ana athu zimenezi, cifukwa ambiri akamva primo amaganiza za msuweni.

Mu 1585 Simon Stevin, wobadwira ku Bruges, anatsutsa poyera ganizo lakalelo, nati 1 ndi nambala ngati zinzake. Koma 1 atalandiridwa, panabuka funso la gulu lomuikamo. Ena anamuika pa ma primo. Christian Goldbach anatero m'kalata imene analembera Leonhard Euler mu 1742. Ngakhale mu 1914, mndandanda wa ma primo ofika kupitirira 10 miliyoni, umene D. N. Lehmer anasindikiza ku America, unayambira pa 1.

Cimene cinathetsa mkanganowu ndi lamulo limene Carl Friedrich Gauss analitsimikizira mu 1801: nambala iliyonse yoposa 1 ndi primo, kapena imapangidwa poculukitsa ma primo m'njira imodzi yokha. Mwacitsanzo, 12 ndi 2 × 2 × 3, basi. Tikalola 1 kulowa, 12 akhalanso 1 × 2 × 2 × 3, kenako 1 × 1 × 2 × 2 × 3, mpaka kalekale, ndipo lamulo lija lasokonezeka. Pofuna kuliteteza, akatswiri anagwirizana pang'onopang'ono kuti primo ikhale nambala yogawika ndi nambala ziwiri zosiyana, osapitirira apo. Koma 1 amagawika ndi 1 yekha. N'cifukwa cake lero ali payekha: si primo, si composto.

Izi ana angazione ndi maso. Apatseni miyala 12 ayale m'mizere yofanana. Apeza mzere umodzi wa 12, iwiri ya 6, itatu ya 4, inayi ya 3, ndi zina. Miyala 7 ilola njira ziwiri zokha: mzere umodzi wa 7 kapena mizere 7 ya mwala umodziumodzi. Mwala umodzi uli ndi njira imodzi.

Mbiriyi ikutikhudza pamene tikusankha mawu a masamu m'Cinyanja. Tikangoti "nambala zosagawika", mwana aika 1 m'gululi, ndipo tidzasowa comuyankha. Mawu alionse amene tingagwirizane, tanthauzo lake lichule "ziwiri". Ndipo mwana akafunsa za 1, tisamudule pakamwa. Timupatse miyala ayale.