Kumva Kukoka, Kumva Kuwawa

Mayi akabereka pa opaleshoni, kumudzi amati wapita kumpeni. Koma mpeniwo sauona, chifukwa nsalu imatchinga ndipo mimba imakhala itachita kale dzanzi. Chimene ambiri amaopa ndi jakisoni wa pamsana, amene madokotala amamutcha spinal.

Ife timangoti mankhwala ogonetsa, ndipo apa ndi pamene tasokonezera. Spinal sagonetsa munthu. Mayi amakhala maso, amayankhula, amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Mankhwalawo, kawirikawiri bupivacaine, amathiridwa m'madzi ozungulira mitsempha kumunsi kwa msana, ndipo thupi limachita dzanzi kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. N'chifukwa chake amamuuza kuti aweramitse mutu ndi kupinda msana, kuti mafupa asiye mpata wodutsa singano.

Kawirikawiri singano zimakhala ziwiri. Yaing'ono, ya lignocaine, imayamba kuti khungu lichite dzanzi. Iyi ndiyo imaluma ndi kutentha kwa masekondi ochepa. Yaitali ija, yochititsa mantha poiona, nthawi zambiri imangomveka ngati chala chikukanikiza.

Mawu ovuta kwambiri ndi "kumva". M'Chichewa timamva phokoso, timamva ululu, timamvanso zimene tauzidwa. Dokotala wogonetsa akati, "Mayi, simumva kanthu," amafuna kutonthoza, koma wanama osadziwa. Mayi adzamva kukoka, kukankha, ndi kulemera pamimba pamene mwana akutulutsidwa. Ngati sanachenjezedwe, kukokako amakuyesa ululu umene ukuyamba, n'kumaganiza kuti mankhwala akana. Kunjenjemera ndi nseru, zimene zimabwera kawirikawiri, zimangowonjezera mantha.

Kuopseza nakonso kumapweteka. Kafukufuku wa mu 2010 ku Boston anapeza kuti amayi amene anauzidwa kuti jakisoni woyamba aluma ngati njuchi yaikulu anamva kuwawa kwambiri kuposa amene anangouzidwa modekha kuti khungu lichita dzanzi. Singano yomweyo, mankhwala omwewo. Madokotala amati nocebo, kutanthauza ululu wokula chifukwa chouyembekezera. Ndiye taganizani mawu athu akuti "kubaya", amene timanenanso pa mkondo!

Ine ndimakonda wogonetsa amene amati: "Mayi, ndigwira pamsana, kuzizira pang'ono. Kenako miyendo ifunda, ilemera. Mukamva kukoka, ndiye kuti mwana akubwera. Mukamva kuwawa, ndiuzeni, ndili pomwe pano kumutu kwanu."