Mmene Uganda Idalolera Anamwino Kulemba Morphine

M'chaka cha 1993, Dr Anne Merriman adayambitsa Hospice Africa Uganda mumzinda wa Kampala. Odwala khansa ambiri ankafika kwa iye mochedwa, chotupa chitafalikira kale, kotero kuti chotsala chinali kuchepetsa ululu basi. Mankhwala ake analipo ndipo anali otsika mtengo: ufa wa morphine wosungunula m'madzi, wodwala n'kumamwa ali kwawo. Boma lidavomera kuti ufawo uzilowa m'dzikomo, koma lamulo linkapereka mphamvu yolembera wodwala mankhwalawa kwa madokotala okha, pamene kumudzi munthu ankatha kutsikira kulichete asanaonane ndi dokotala n'kamodzi komwe.

Mantha a boma anali ndi pochokera. Pangano la United Nations la 1961 lidaika morphine m'gulu la mankhwala oyenera kulonderedwa kwambiri, ndipo gululi lili ndi dzina loipa. Ngakhale ife tikamva zoti "mankhwala ozunguza bongo" timaganiza za chamba ndi apolisi; mayi amene akubuula usiku wonse ndi khansa ya khomo la chiberekero satifika m'maganizo. Ndikuona kuti dzinali lidachedwetsa zinthu kuposa kusowa kwa ndalama.

Omenyera ufulu wa odwala adalimbikira kwa zaka zoposa khumi. Mu 2004 Uganda idasintha lamulolo n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulola anamwino ndi ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera kulemba okha morphine. Kuyambira pamenepo namwino adatha kufika pakhomo pa wodwala atanyamula botolo la mankhwala, popanda kudikira siginecha ya dokotala wa mutauni.